Madzi a M'mipopi ya Lilongwe: Kuchokera ku Dzalanyama Kufika M'kapu

Munthu akatsegula mpopi ku Area 25, kapena akatchera ndowa pa kiyosiki ku Chinsapo, maso ake sangamuuze ngati madziwo ndi abwino kumwa. Madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi tizilombo ta kolera, pomwe madzi ofiirira pang'ono akhoza kungokhala ndi dothi. N'chifukwa chake funso loti madzi a mumzinda wa Lilongwe ndi otetezeka kapena ayi silingayankhidwe ndi liwu limodzi. Tiyenera kufunsa kuti tikunena madzi a pati: amene akutuluka pamalo oyeretsera, amene akufika pampopi atayenda m'mapaipi, kapena amene mwana akumwa m'kapu atagona m'ndowa usiku wonse. Madziwa ndi amodzi, koma ukhondo wake umasintha panjira.

Madzi abwino ndi otani

Akatswiri akamayeza madzi akumwa amayang'ana zinthu zitatu. Chachikulu kuposa zonse ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu ndi ziweto. Kolera, tayifodi, kamwazi ndi matenda ambiri otsekula m'mimba amayenda njira imodzi: amatuluka m'mimba mwa wodwala n'kukalowa m'madzi kapena m'chakudya cha munthu wina. Kufufuza kachilombo kalikonse pakokha n'kodula, choncho ku labotale amafufuza kamodzi kotchedwa E. coli, kamene kamakhala m'matumbo. Kakapezeka m'madzi ndiye kuti chimbudzi chalowamo, ndipo tizilombo tina toopsa tikhoza kukhalamonso. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'mamililita 100 a madzi akumwa, omwe ndi ngati theka la kapu ya tiyi, musapezeke E. coli ngakhale kamodzi.

Chachiwiri ndi matope. Matope paokha sapha munthu, koma tizilombo timabisala m'tinthu ta matopeto ndipo klorini amalephera kutifikira. Chachitatu ndi michere ndi mankhwala osungunuka m'madzi. Izi sizidwalitsa lero ndi lero, zimaonekera pakapita zaka. Chitsanzo chapafupi ndi fuloraidi: WHO imati asapitirire mamiligiramu 1.5 pa lita, ndipo mijigo ina ya ku Nathenje inapezeka kuti ili ndi fuloraidi wambiri, yemwe amachititsa mano a ana kukhala ndi mawanga ofiirira. Vutoli limakhudza kwambiri madzi a pansi panthaka kusiyana ndi a mumtsinje.

M'dziko muno muyezo wa zonsezi umakhazikitsidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Pali muyezo wa MS 214 wa madzi akumwa, ndi wa MS 733 wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zotetezedwa.

Mzinda unakula kuposa mapaipi ake

Bungwe la Lilongwe Water Board linakhazikitsidwa mu 1947, Lilongwe ali kaboma kakang'ono ka alimi a fodya ndi amalonda. Pa kalembera wa mu 1966 m'tauniyi munali anthu osafika 20,000. M'chaka chomwecho munamangidwa damu loyamba pamtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, lotchedwa Kamuzu Dam I. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira kuno. Damu lachiwiri, Kamuzu Dam II, linatha mu 1989. Lamulo la Waterworks Act la mu 1995 linagawa ntchito yopereka madzi m'mizinda kwa mabungwe asanu: la Lilongwe, la Blantyre, ndi a zigawo zitatu za kumpoto, pakati ndi kumwera.

Pa kalembera wa mu 2018 mumzindawu munali anthu pafupifupi 990,000. M'zaka 52 chiwerengero chinachuluka pafupifupi ka 50, koma mtsinje ndi womwe uja. Choposa apo, ambiri mwa anthu obwerawo sanakhale m'madera okhala ndi mapulani ngati Area 10 kapena Area 47. Anamanga ku Mtandire, ku Mgona, ku Kauma, ku Chinsapo, ku Area 36, kumene nyumba zinafika kaye, misewu ndi mapaipi n'kubwera pambuyo, mwinanso osabwera n'komwe. Mbiri imeneyi ndiyo muzu wa mavuto ambiri amene tikambe m'munsimu.

Gwero la madzi

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, m'malire a Malawi ndi Mozambique. Nkhalango ya kumeneko inatetezedwa ndi boma mu 1922, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,000. Mitengo imagwira ntchito ziwiri. Imachedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe, komanso mizu yake imagwira dothi. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi lonse kupita nalo mumtsinje. Madamu amadzaza matope, madzi osungidwa amachepa, ndipo oyeretsa madzi amafunika mankhwala ambiri kuti matopewo achoke.

Chimene chikudya nkhalangoyi ndi makala, ndipo makalawo amagulidwa ndi anthu a mumzinda omwewo amene amamwa madzi ake. Njinga zosenza matumba a makala zimene zimalowa mumzinda m'mamawa kudzera ku Likuni zimatsata njira imodzi ndi mtsinje. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Ena anayamikira kuti kudula mitengo kunachepa, ena anadandaula za nkhanza kwa anthu a m'midzi yozungulira. Bola ngati mabanja a mumzinda akuphikirabe pambaula, wootcha makala adzapezabe msika, kaya asilikali alipo kaya palibe.

Kuchoka kumadamu, madzi amayenda mumtsinje makilomita angapo asanafike pamalo oyeretsera ku Area 3, mumsewu wa ku Likuni. Panjira imeneyi pali madimba a m'mbali mwa mtsinje othiridwa feteleza, pali okumba mchenga ndi oumba njerwa, pali ochapa ndi ziweto. Madzi amene amafika pamakina ndi akuda kale, makamaka mvula zoyamba zikagwa.

Ntchito ya pamalo oyeretsera

Kuyeretsa madzi a mumtsinje kumatsata ndondomeko yodziwika padziko lonse. Poyamba amathira mankhwala amene amachititsa tinthu ta matope kumatirirana n'kupanga timibulu tolemera. Madziwo amawadutsitsa m'mathanki akuluakulu momwe amayenda mwakachetechete, timibuluto n'kudikha pansi. Kenaka amawasefa pamchenga. Pomaliza amathira klorini, n'kuwasiya kwa mphindi zosachepera 30 kuti tizilombo tife. Gawo lililonse limadalira lapambuyo pake: matope akapanda kudikha bwino sefa amatsekeka, ndipo sefa akalephera klorini sagwira bwino ntchito.

Klorini ali ndi ubwino wina umene anthu ambiri sawudziwa. Sathera pamalo oyeretsera. Wina amatsala m'madzimo n'kuyenda nawo m'mapaipi ngati mlonda, kupha tizilombo tolowa panjira. WHO imalangiza kuti pampopi pafike klorini wosachepera mamiligiramu 0.2 pa lita. Kafungo ka klorini kamene ena amanyansidwa nako ndi chizindikiro choti mlondayo wafika. Koma klorini amachepa madzi akamayenda mtunda wautali, akakhalitsa m'thanki, kapena akakumana ndi zonyansa zambiri. Mpopi wa kumapeto kwa mzinda ndiwo umakhala pangozi yolandira madzi amene klorini wake watha.

Ntchito yonseyi imayenda ndi magetsi, ndipo mankhwala ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Magetsi akazima mapampu amaima. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa mankhwala ndi zipangizo umakwera nthawi yomweyo.

Zimene zimachitika m'mapaipi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Paipi yodzaza madzi othamanga mwamphamvu imadziteteza yokha. Ngakhale itabooka, madzi amatulukira kunja ndipo zakunja sizingalowe. Tikaona madzi akutumphuka pamsewu timadandaula kuti akuwonongeka, ndipo n'zoona, koma panthawi imeneyo am'katimo ndi otetezeka. Ngozi imayamba madzi akasiya. Paipi ikakhala yopanda kanthu, madzi otsalira amatsetserekera kumunsi, ndipo akamatero paipiyo imayamwa mpweya ndi chilichonse chili pafupi ndi pobookapo. Ngati yadutsa m'ngalande, pafupi ndi chimbudzi chokumba, kapena m'dothi lonyowa ndi suweji, zimenezo n'zimene zimalowa. Madzi akabweranso amakankha zonsezo kupita nazo kumipopi ya anthu.

Choncho kusiyasiya kwa madzi si nkhani yongosowetsa mtendere amayi odzuka usiku kukatchera zigubu. Ndi nkhani ya zaumoyo. Dera limene madzi amatuluka maola ochepa patsiku, mapaipi ake amayamwa zakunja tsiku lililonse. Mu 2016, mvula itavuta zaka ziwiri zotsatizana, madzi a m'madamu anatsika kwambiri moti Lilongwe Water Board inayamba kupereka madzi mosinthanitsa madera. Kugawa madzi motero kumathandiza kuti aliyense apezeko pang'ono, koma mtengo wake ndi umenewu.

Pobooka mpambiri. Kwa zaka zambiri madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi amene bungweli limayeretsa sabweretsa ndalama. Ena amatayikira pansi m'mapaipi okalamba, ena amabedwa ndi olumikiza mapaipi mozemba, ena sawerengedwa bwino ndi mamita. Wolumikiza mwakuba amaboola paipi yaikulu usiku n'kumangapo ndi mphira, ndipo malo amenewo amasanduka khomo la zonyansa kwa anthu onse a kumunsi kwake.

Zimene zinachitika ku Area 18 mu Julaye 2017 zinaonetsa zonsezi poyera. Paipi ya suweji inaphulika, zonyansa n'kusefukira pamalo pamene paipi ya madzi akumwa inali yowonongeka, ndipo mabanja anatunga madzi onunkha chimbudzi m'mipopi ya m'nyumba zawo. Area 18 si dera lomangidwa mwachisawawa. Ndi dera la mapulani, lokhala ndi mipopi m'nyumba ndi zimbudzi zamadzi. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza nkhaniyi, ndipo anthuwo anaitengera kukhoti. Mabungwe atatu anatchulidwa: Lilongwe Water Board, mwini mapaipi a madzi, khonsolo ya mzinda, ndi Malawi Housing Corporation. Panali kulozana zala pa za mwini wake wa suwejiyo. Phunziro lalikulu pankhaniyi ndi lakuti paipi ya madzi ndi paipi ya suweji zimagona m'dothi limodzi, pomwe oziyang'anira amakhala m'maofesi osiyana.

Mapaipi a suweji amafikira anthu ochepa kwambiri. Pamene Banki Yaikulu Padziko Lonse inkavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni za ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe mu 2017, anthu pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndiwo anali olumikizidwa ku suweji. Otsalawo amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba ndi maenje a simenti a kuseri kwa nyumba. Zonyansa za anthu pafupifupi miliyoni imodzi zimakhala m'nthaka yomweyo imene mapaipi a madzi amadutsamo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaopsa anthu pachabe. Madzi akabwera atasiya, nthawi zina amatuluka oyera ngati mkaka, ndipo anthu amati a Water Board achulutsa klorini. Kawirikawiri umakhala mpweya chabe. Mukawathira m'galasi n'kudikira mphindi ziwiri, amayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Oyenera kuwaopa ndi madzi ofiirira, okhala ndi tizinyalala, kapena onunkha.

Kiyosiki, chitsime ndi ndowa

M'madera a anthu opeza movutikira, ambiri alibe mpopi pakhomo. Amagula madzi pa kiyosiki. Kale makiyosiki ambiri ankatsekedwa chifukwa cha ngongole, ndalama zotoleredwa zitasowa m'manja mwa ozisunga. Kuyambira cha m'ma 2006, mothandizidwa ndi bungwe la WaterAid, anthu a m'maderawa anapanga mabungwe awoawo oyendetsa makiyosiki, ndipo pambuyo pake kunabwera makiyosiki a khadi otchedwa E-Madzi, omwe munthu amatunga nthawi iliyonse popanda wogulitsa. Madzi a pa kiyosiki ndi omwewo a m'mapaipi. Vuto ndi ndalama ndi mtunda. Banja limene limagula madzi ndi ndowa limawerengera ndowa iliyonse. Ndalama ikachepa, akumwa okha ndiwo amagulidwa, pomwe otsukira mbale, osamba ndi ochapira amachokera pachitsime chosaya kapena kumtsinje wa Lingadzi ndi mitsinje ina. Kachilombo ka kolera sikasankha kuti kalowera m'kapu kapena m'mbale yotsukidwa ndi madzi a pachitsime.

Alangizi a zaumoyo amati chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30. Pamapuloti a ku Mtandire kapena ku Mgona, mamita 30 amadutsa nyumba zitatu ndi zimbudzi zake. M'dzinja madzi a pansi amakwera, chimbudzi ndi chitsime n'kukhala ngati dziwe limodzi.

Gawo lomaliza la ulendo ndi m'nyumba. Kafukufuku wa MICS wa mu 2019 ndi 2020, wochitidwa ndi ofesi ya kalembera ya National Statistical Office m'dziko lonse, anayeza madzi pamalo otungira komanso m'kapu imene banja limamwera. Pamalo otungira, E. coli anapezeka kwa anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse. M'kapu chiwerengerocho chinapitirira 90. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, kuphatikiza midzi, koma zikuonetsa bwino chimene chimachitika pakati pa mpopi ndi pakamwa: ndowa yosavindikira, zala zolowa m'madzi posenza, kapu imodzi imene mwana watola pansi n'kuiviikanso mumtsuko.

Umboni wa kolera

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unali woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Boma la Lilongwe ndilo linali ndi odwala ambiri kuposa maboma ena onse. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Febuluwale kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa ku Mgona. Matendawa anakula kwambiri m'madera odzaza anthu, kumene mipopi ndi yochepa ndipo zitsime zosaya n'zambiri. Izi zikutiuza kuti ngozi yaikulu mumzindawu ili pa anthu amene madzi a m'mapaipi sawafikira mokwanira, kuposa amene amawafikira tsiku lililonse. Kudula madzi pa kiyosiki chifukwa cha ngongole m'nyengo ya mliri ndi kutumiza anthu kuchitsime.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Palibe amene amatsutsa kuti mzindawu ukufunika madzi ambiri. Mkangano uli pa koyambira. Ena amati mtsinje wa Lilongwe wafika pamapeto a mphamvu zake, ngakhale khoma la Kamuzu Dam I linakwezedwa ndi mamita 7, ndipo njira yokhalitsa ndi kupopa madzi a m'nyanja ya Malawi kuchokera ku Salima, mtunda wopitirira makilomita 100. Ntchitoyi inaperekedwa kwa kampani ya Khato Civils, ndipo mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti kufunsa chifukwa chake inkayamba pasanachitike kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe. Okayikira amakumbutsa kuti Lilongwe ali pamwamba kuposa nyanja ndi mamita opitirira 500, ndipo amaloza ku Blantyre, kumene kupopa madzi a mu Shire kuchokera ku Walker's Ferry kumadya ndalama zambiri za magetsi. Ena ankakonda damu la pamtsinje wa Diamphwe, m'malire a Lilongwe ndi Dedza. Gulu lachitatu limati tiyambe tatseka pobooka. Maganizo amenewa ali ndi mphamvu pa nkhani ya ukhondo, chifukwa paipi yokonzedwa imapulumutsa madzi komanso imatseka khomo la zonyansa. Komabe kukonza kokha sikungakwanire mzinda umene ukukula chonchi, ndipo madzi akachuluka m'mapaipi usana ndi usiku, kuyamwa kuja kumathanso.

Mkangano wachiwiri ndi wa mtengo. Mabungwe a madzi amati mtengo wotsika umawalepheretsa kugula mankhwala ndi kusintha mapaipi, ndipo akhala akudandaula za ngongole zazikulu zimene nthambi za boma sizilipira. Oimira ogula amati si bwino kukwezera anthu mtengo pomwe madzi ochuluka chotere akutayikira pansi. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona. Chofunika kusamala ndi chakuti mtengo wa pa kiyosiki usakwere mpaka mayi asankhe chitsime.

Wachitatu ndi woti ndani ayeze woyeza. Bungwe la madzi lili ndi labotale yake ndipo limayeza madzi ake. Kwa zaka zambiri dziko lino linakhala lopanda bungwe loima palokha loyang'anira ntchito za mabungwe a madzi. Ku Zambia kuli bungwe la NWASCO, limene linayamba ntchito mu 2000 ndipo chaka chilichonse limasindikiza lipoti lofananiza makampani a madzi, kuphatikizapo ukhondo wa madzi awo. Anthu a mu Lilongwe akanapindula atamaona zotsatira za kuyeza madzi dera ndi dera, mwezi ndi mwezi, makamaka za mipopi ya kumapeto kwa mapaipi. Popanda ziwerengero zotere, wina akati madzi ndi abwino ndipo wina akati ndi oipa, onse akungolankhula za mpopi wa kwawo.

Palinso mantha oti klorini amadwalitsa. N'zoona kuti klorini akakumana ndi zinyalala zowola m'madzi amapanga mankhwala ena amene, akachuluka kwa zaka zambiri, akhoza kuwononga thanzi, ndipo n'chifukwa chake matope amachotsedwa kaye klorini asanathiridwe. Koma WHO imanena mosabisa kuti kupha tizilombo kusachepetsedwe pofuna kupewa mankhwala amenewa. Kolera amapha m'maola ochepa.

Zimene banja lingachite

Madzi akabwera atasiya, oyambawo asakhale akumwa. Asiyeni atuluke mpaka ayere, ndipo oyambawo akolopere kapena athiridwe kudimba. M'nyengo ya mvula ndi ya mliri, madzi akumwa, ngakhale a pampopi, ndi bwino kuwathira WaterGuard kapena klorini wa alangizi a zaumoyo motsata muyezo wolembedwa, n'kudikira mphindi 30. Ngati ali ndi matope, adikhe kaye ndipo asefedwe pansalu yoyera, apo ayi mankhwalawo sagwira. Kuwiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi kumapha ngakhale tizilombo tina timene klorini amatilephera, ndipo ndiyo njira yoyenera pa madzi a mwana wakhanda ndi a munthu wodwala, ngakhale kuti kumadya makala.

Posunga, chigubu cha kukamwa kochepa kapena ndowa yokhala ndi kampopi n'zabwino kuposa ndowa yoviikamo kapu. Klorini amauluka madzi akagona, choncho madzi a dzana sali ngati a lero. Amene ali ndi thanki pakhomo aziivindikira ndi kuitsuka, chifukwa matope amaunjikana pansi pake. Madzi akanunkha chimbudzi, asamwedwe ngakhale atawiritsidwa, anansi achenjezedwe msanga, ndipo a Water Board ndi a khonsolo auzidwe tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso paipi ikaphulika pamsewu kapena suweji ikasefukira pafupi ndi mita ya madzi: malo amene lero akutulutsa madzi ndi omwewo amene adzayamwe zonyansa madzi akadzasiya.